Bala la Sanatu

Sanatu ankayenda pang'onopang'ono kuzungulira bwalo, dzanja limodzi litagwira khoma, pamene mwamuna wake Iddrisu analowa kuchokera ku mzikiti.

"Amake Rashida, ndikuona mwendo ukupondeka tsopano."

"Ukupondeka, bambo. Mulungu ndi wamkulu."

"Ndiye mawa mulowe kukhitchini. Masiku anu awiri ophika akwana. Mkazi mnzanuyu watopa."

Sanatu anaima. Linali tsiku lakhumi chibwerereni ku Accra. Zaka makumi awiri zowerama pa beseni akukanda mafuta a mtedza wakutchire wotchedwa shiya zinali zitamudya msana, mpaka ululu unatsikira m'mwendo wamanzere. Sing'anga wa m'mudzi anamutema mphini msana wonse, koma sizinathandize. Kenaka mwana wa mlongo wake, amene anali namwino mumzinda, anamutengera kuchipatala chachikulu. Dokotala anamufotokozera kuti pakati pa mafupa a msana pali tinkhata tofewa, ndipo kamodzi kanali katasuntha n'kupana mtsempha. Sanamung'ambe msana ayi. Anangoboola kachibowo, n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kadiso, n'kuchotsa kachidutswa kovutitsako. M'mawa mwake Sanatu anayenda. Koma dokotala anamukhazika pansi n'kunena kawiri: milungu isanu ndi umodzi osawerama, osasenza, osanyamula ngakhale mwana. Akaphwanya lamuloli, kankhatako kadzasunthanso.

"Mawu a dokotala ndinakuuzani, bambo."

"Munandiuza. Koma ndamvanso zina. Akuti bala lake n'laling'ono ngati chikhadabo. Ine opaleshoni ndinaiona kwa malemu achimwene. Anawasoka ngati thumba la mapira, n'kugona miyezi itatu."

"Akuti. Akutero ndani?"

Iddrisu anayang'ana nkhanga zimene zinkapalasa pafupi ndi mpanda, n'kulowa m'nyumba mwake.

Sanatu sanafunikire kufunsa kawiri. Munthu mmodzi yekha ndiye anali atauona msana wake chibwerereni: Azara, mkazi wamng'ono, amene ankamusambitsa m'mawa uliwonse.

Masana kunabwera mayi Lamisi a nyumba yoyandikana nayo, beseni lili m'chiuno.

"Tabwera kudzaona odwala a ku Accra. Kumjigo akuti anakulumani ndi udzudzu wa m'tauni basi. Nanenso munditengeko, ndikagone pa bedi la azungu ndibwere ndili ndi wantchito."

Anaseka, akudikira kuti Sanatu aseke nawo. Sanatu anamwetulira pang'ono chabe, n'kuwafunsa za ana.

Atachoka, Sanatu anapita kuseri kwa nyumba kumene Azara ankatembenuza mtedza wa shiya umene anayanika pa saka. Unali wochepa, wosakwana ngakhale mbale ziwiri.

"Azara."

"Akulu, mwatulukiranji padzuwa? Ndikubweretserani madzi."

"Madzi aleke. Kumjigo wakanena chiyani za msana wanga?"

Azara anapitiriza kutembenuza mtedza. "Ine sindinaname, akulu. Anandifunsa, ndinanena zimene ndinaona."

"Unaona chiyani?"

"Kabala kamodzi. Mphini za a sing'anga zija n'zazitali kuposa iko. Tsiku loyamba ndinachita kukafunafuna."

"Ndiye unati sanandichite opaleshoni."

"Ndinati sindikudziwa."

"Kwa bambo unatinso sukudziwa?"

Azara anaimirira, manja akupukutira m'nsalu. Maso ake anali ofiira ndi utsi. "Akulu, onani sakali. Anzanga akulawirira kutchire, akubwera atasenza mabeseni odzaza. Ine ndili pa moto ndi pa mjigo, masiku anu ndi anga omwe. Nyengo ya mtedza sidikira munthu. Ikatha, chaka chino ndidzakanda chiyani? Ndipo inu mukuyenda, mukudya, mukuseka ndi alendo."

"Bwenzi utandiuza ine."

"Ndikanayamba bwanji?"

"Pakamwa pomwepo pamene unayambira kumjigo."

Sanatu anakumbukira chaka chimene Azara anabereka Hamza movutikira. Miyezi itatu yathunthu Sanatu anaphika masiku onse, anatunga madzi a anthu awiri, anachapa matewera, msana ukuwotcha kale ngati khala. Inalinso nyengo ya mtedza. Bala la Azara palibe anapempha kuliona. Ndipo m'mawa wa ulendo wa ku Accra, ndi Azara yemweyu anamugwira dzanja pa siteji n'kunena kuti, "Pitani, akulu. Masiku anu ndi anga mpaka mutachira."

"Ndinkayesa chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana," anatero Sanatu motsitsa mawu. "Nankafumbwe amaboola kachibowo kakang'ono, Azara, koma njere yonse imakhala itadyeka m'kati. Iwe unaona kachibowo."

"Akulu, masiku awiri okha. Mukaphika, pakamwa pa anthu patsekeka."

"Pakamwa unatsegula iwe, nditseke ine ndi msana wanga?"

Azara anagwada pa saka lake.

M'mawa mwake Azara anabwera ndi ndowa ya madzi ofunda monga mwa masiku onse. Anapeza Sanatu atavala kale, mpango uli kumutu.

"Madzi osamba, akulu."

"Ndasamba ndi chikho. Ndafika pamene dzanja limafika."

Pabwalo nkhuni zinali zitaunjikidwa pafupi ndi mafuwa, mtondo uli pomwepo, ndowa ziwiri zopanda madzi zikudikira. Iddrisu anali pa benchi akumangirira khasu pa njinga.

"Bambo, ndikupita kwa achimwene anga. Ndikamalizira kumeneko milungu imene yatsala."

"Kodi ndani wakuthamangitsani? Ine ndangoti muphike."

"Palibe wandithamangitsa. Koma ndikawerama lero n'kugwa mawa, ndidzasambitsidwa ndi yani? Wondisambitsa pano amakauza mudzi zimene waona."

Iddrisu anayang'ana Azara. Azara anayang'ana pansi.

"Anthu adzati chiyani?" anafunsa Iddrisu.

"Anena kale."

Azara anathamangira m'chipinda cha Sanatu n'kutuluka ndi chikwama cha zovala. "Ndikuperekezeni, akulu. Ndikunyamulireni."

"Chisiye. Rashida adzabwera nacho akaweruka kusukulu. Iwe pita kutchire, mtedza usakuthere."

Kwa mchimwene wake kunali kutsidya kwa msika, pafupi ndithu. Sanatu anatuluka pa chipata chimanjamanja, msana uli chilili monga analamulira dokotala. Njira yake inadzera pamjigo. Amayi amene ankapopa madzi anasiya kulankhula. Anawapatsa moni mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, n'kupitirira pang'onopang'ono.

Kunyumba Azara anatsala ataima pakati pa bwalo, chikwama chili m'manja. Moto unali usanakolezedwe, ndipo dzuwa linali litakwera kale.