Idesi wa Chaka Chiti

Mphepo ya Ogasiti inali itazula kale tenti ya pamaliro kawiri m'mawa umenewo, ndipo fumbi la mulokeshoni ya Mambo linkalowa mpaka m'makapu a tiyi. A Gadi anakhala pakhonde, chipewa pabondo. Thupi la akazi awo, a Idesi, linali ku mochale tsiku lachitatu chifukwa ana awo awiri ankalimbana za kokawaika.

"Tamverani nokha, ababa," anatero Felesita, mwana woyamba, akuwayandikizira foni kukhutu. Mawu a malemuwo anatuluka, aang'ono ngati a kamtsikana: "Ndiperekezeni ku Ntcheu, ndikagone pafupi ndi amayi."

"Aiwa, sisi, inenso ndili nayo yanga," anatero Danieli, mlongo wake. "Mhamha anati ku Silobela, kukomboni ya mgodi." Nayenso anayatsa.

A Gadi anatulutsa mpweya m'mphuno. Adokotala ankati ndi matenda oiwala, koma kwa iwo a Idesi anakhala zaka zinayi ali paulendo. Ankadzuka m'chaka chilichonse chimene chawapeza. Tsiku lina kunali 1974, akukangana ndi a Gadi kuti achedwa kushifiti. Tsiku lotsatira anali mtsikana wa ku Ntcheu, a Gadi ali mlendo woyenera kupatsidwa madzi n'kumapita. Chakacho a Gadi ankachidziwira pa dzina limene aitanidwa nalo.

"Felesita, tsiku limenelo iwe ankati ndiwe ndani?"

"Azakhali awo."

"Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mwana sasankha manda."

Danieli anaseka.

"Iwe usaseke. Yakoyo ndi ya chaka chimene unali m'mimba. Komboni ija makorokoza, okumba golide mozemba aja, anaikumba yonse. Ukawaika m'dzenje la golide?"

"Nhai baba, ndiye timvere ati?" anafunsa Danieli.

"A chaka chino."

Felesita anawomba m'manja kamodzi. "A chaka chino analiko? Ine ndinasiya kudziwika kalekale m'nyumba muno."

"Lachiwiri lina, mu Juni. Ola silinakwane."

"Munajambula?"

"Manja anali m'beseni."

Tsikulo a Gadi ankawasambitsa mapazi akazi awo. A Idesi anawagwira imvi, nati, "Abambo a Felesita, mwakalamba liti chonchi?" Kenako anayang'ana mawondo otupa a amuna awo nthawi yaitali. "Musakandipititse kutali. Ndi miyendo imeneyi simudzafika, mudzangokhala pakhondepo ngati chitsa. Mukandiike poti muziyenda." Madzi asanazizire anali atabwerera kale kumgodi, akufunsa ngati nyali ya pachisoti yayaka.

A Gadi anafotokoza zimenezi m'mawu ochepa, maso ali patenti.

"Popanda umboni?" anatero Felesita. "Achibale a ku Ntcheu adzati chiyani?"

"Adzanena."

"Ababa, amayi analira potchula amayi awo. Ndinaona ndi maso anga."

"Ine ndinaona zaka zinayi."

Mphepo inakokanso tenti, chingwe chimodzi n'kuduka. Danieli anathamanga kukachigwira. Felesita anatsala ataima, foni m'manja, ikuonetsabe nkhope ya amayi ake.

A Gadi anavala chipewa, natenga ndodo. Danieli anafuula kuti adikire, ayatse galimoto. Iwo anakana ndi dzanja. Anapita wapansi kumanda a khonsolo kukasankha malo, ndipo panjira anapumula kawiri.