Pamene Kanema Anadukira

"Fulumirani achemwali, kanema sadikira nyamakazi yanu!" anatero Marcelline, akukokera mkulu wake Léontine m'nyumba ya kanema mumzinda wa Rouen masana a Lamulungu.

Léontine anakhala pampando. Kanema ameneyu, wanthabwala zachikondi, anamuonerapo theka nthawi ya nkhondo, ali mtsikana. Masiku amenewo anthu ankadzazana muno pothawa kuzizira kunyumba, ena atafunda mabulangete. Tsikulo, mkwatibwi wa m'kanemayo atangovula nsapato kuti athawire pazenera, chenjezo la ndege za mabomba linalira. Chinsalu chinangoti bii! Onse liwiro kuchipinda chapansi.

Kumeneko mnyamata wina wamakutu ngati zogwirira poto, dzina lake Gaspard, anamuuza kuti nkhaniyo anaionera ku Paris ili sewero, isanakhale kanema. Anasewera yekha mathero onse, mawu a mkwatibwi ndi a apongozi omwe, mpaka anthu anaiwala mabomba ndi kuseka. Akuti mkwatibwiyo anathawira kwa wokonza mawotchi. Léontine anakwatiwa naye Gaspardyo, ndipo chaka chilichonse ankamuseweretsa matherowo kukhitchini, mpaka chaka chatha pomwe anamuika m'manda.

"Lero tiwagwira bodza alamu anga aja," ananong'ona Marcelline. "Ku Paris anapitako liti? Ndiye wokonza mawotchi, eti? Ngati ntchito ya alamuwo yomwe!"

"Khala chete iwe, anthu akuonera."

Koma mantha anamugwira Léontine. Ankadziwa kuti akangoona mathero enieniwo, mathero a Gaspard aja afufutika, sadzawamvanso bwino m'mutu mwake.

Pachinsalu, mkwatibwi uja anawerama n'kuvula nsapato imodzi. Kenako inayo. Léontine anadzuka, navala chikhoti chake.

"Aa, mukupita kuti? Zaka zonsezi mwadikira, patsala pang'ono chabe!"

"Tsala uonere. Koma ukadzayerekeza kundiuza, kwanga usadzapondenso."

"Achemwali, inu simufuna kudziwa zoona?"

"Ine mathero ndinawaonera kale, pafupi, wosewera atandigwira dzanja."

Anatuluka pang'onopang'ono, akuponda mapazi a anthu. Ali pakhomo, holo yonse inaphulika ndi phwete kumbuyo kwake. Léontine anaima, namvetsera kufikira phwetelo litazilala.

"Kuseka kwake komweku?" anatero yekha, akumanga mpango kumutu. "Gaspard, ife pansi paja tinaseka kuposa apa."