Bokosi Lokutidwa ndi Chitenje

Ine ndine Moven, kalipentala wa m'Kalingalinga, ndipo ndineneretu kuti ndimapanganso mipando ndi makabati. Koma anthu a m'komboni muno amangoona mabokosi a maliro amene ndimayala pamsewu. Munthu akatuluka pakhomo panga atanyamula kanthu, iwo amayamba kufunsana kuti ankadwala ndani. Zimandinyansa kwabasi.

Ba Edwell anali anzanga a kutchalitchi. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale, iwo anabadwira muno n'kuphunzira zokonza mawailesi. Ankagwira ntchito pakampani ina ya boma, tayi pakhosi. Chaka chimene makampani ankagulitsidwa ngati tomato, anawauza kuti akapume. Akazi awo, ba Salome, anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, kumsika wa ku Mtendere. Ba Edwell anatsala panyumba, ndipo azimayi a pampopi anawapatsa dzina loti "ba manijala ba pakhonde". Analimva dzinalo, ndipo linawalowa mpaka m'mafupa.

Anali ndi mwana mmodzi, Towela, wazaka zisanu, wodwaladwala chifuwa. Tsiku lina ali m'tauni mwanayo anaona makina a magemu m'sitolo, aja aatali okhala ndi tivi kutsogolo. Anaimira zala za kumapazi koma mabatani sanawafikire. Bambo ake anamulonjeza kuti amupangira akeake, a msinkhu wake.

"Ba Moven, nifunako kabokosi," anatero atabwera kwa ine.

Ndinaika pansi sowo.

"Iyayi, mwana ali chabe bwino. Ni ka magemu. Koma musauze munthu."

Ndinawakhomera bokosi lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, lokhala ndi windo kutsogolo. Zam'kati ankapanga okha kuseri kwa shedi yanga, kumene sikufika maso a anthu. Anapeza kativi kakang'ono kakufa n'kukadzutsa. Anagula gemu ija yolumikiza ku tivi, yothyoka chikuto, n'kuichotsa matumbo. Mabatani anali a mabelu a pazitseko. Kandodo kowongolera anakapanga ndi bawuti, pamwamba n'kuikapo mutu wa giya ya galimoto. Tsiku lonse ankawotcherera mawaya, utsi uli m'maso, akuyimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Koma kasitomala akangolowa, ankaphimba zonse ndi saka n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala yakale. Munthu wamkulu, waluso lotero, kubisala ngati wakuba nkhuku.

Ntchito isanathe, chifuwa cha Towela chinakula ndipo anamugoneka kuchipatala. Komboni yonse inadziwa. Ba Salome ankagona komweko, m'mawa n'kusiya mng'ono wawo Elesi pambali pa bedi, iwo n'kupita kumsika. Ba Edwell anayamba kugwira ntchito ngati akuthamangitsidwa.

Tsiku limene makinawo anayaka ndinalipo. Analumikiza batire ya galimoto, kativi kanaphethira, kenaka kandege kanatulukira, kakuwombera, kanyimbo kakulira. Ndinaseka ngati mwana. Iwo anapaka bokosilo penti yachikasu n'kulemba pamwamba kuti TOWELA.

"Nyamulani choimika, banthu baone," ndinawauza.

"Baone chani? Mudala alibe nchito, anyamula vidoli? Bazaseka mpaka Khisimasi."

Kunabwera munthu wofuna kabati, ndipo ndinatuluka naye kumsewu. Pobwerera ndinapeza apita, koma batire aiwala. Ndinaiika paphewa n'kuwatsatira.

Pa owotcherera zitsulo ndinapeza makina awo atazimitsidwa, anyamata ataima, zipewa zili m'manja.

"Mwana watisiya nthawi bwanji, ba Moven?" anafunsa mmodzi.

"Mwana uti?"

"Wa ba Edwell. Bapita apa na bokosi, bavininkhira chitenje chakuda, mutu pansi. Sitinabakambitse."

 Bamboyo anagoneka bokosi m'manja, n'kulikuta ndi chitenje cha akazi ake, n'kudutsa komboni yonse atazolika, akuchokera kwa Moven wa mabokosi. Nanga anthu akanaganiza chiyani? Ndipo palibe amene anayamba wayeza kutalika kwake. Anthu athu kulira amayamba, kufunsa pambuyo.

Ndinathamanga, batire ikundiswa phewa. Ndisanakhotere kunyumba kwa ba Edwell ndinamva kale kulira. Mipando ya m'chipinda chochezera inali itatulutsidwa panja monga timachitira. Abambo awiri ankakoka chikuni cha moto wa maliro. M'nyumba azimayi anali atadzaza pansi, mipango kumutu, ndipo amene ankatsogolera kulira anali ba Ketty, omwe aja anayambitsa dzina la "ba manijala".

Pakati pawo panali ba Edwell, atakhala pasimenti, akulira mokweza. Iwo atafika analowa kuchipinda chogona n'kutseka chitseko kuti akonze waya wina amene anamasuka panjira. Atamva kulira pakhomo, anaganiza kuti uthenga wabwera kuchokera kuchipatala. Anatuluka akufuula dzina la mwana, ndipo azimayi ataona bambo akulira anawonjezera mawu.

Ndinaika batire pansi. "Imani. Ndani wabwera na uthenga kuchoka kuchipatala?"

Anayang'anana.

"Uthenga wa chani?" anatero ba Ketty, akupukuta mphuno. "Bokosi taiona na menso yathu."

Ndinaona nkhope ya ba Edwell ikusintha. Poyamba inamasuka, chifukwa mwana wawo anali moyo. Kenaka anamvetsa kuti bokosi lawo ndi limene layambitsa zonsezi, ndipo manyazi anawagwira moti anayang'ana pansi ngati akufuna polowa. Inenso anandigwira, ngakhale sindinalakwe kanthu. 

Nthawi yomweyo panja panamveka mfuu imene sindifuna kudzaimvanso. Anali ba Salome. Wina anathamanga kale kumsika kukawauza. Mayiwo anasiya mulu wa salaula pomwepo, anataya patapata panjira, mapazi akutuluka magazi. Azimayi anafuna kuwagwira koma anawakankha.

"Ali kuti mwana wanga?"

Analowa kuchipinda. Pabedi panali bokosi lija, likadali m'chitenje chawo. Anagwada, analikumbatira, kenaka anakoka nsaluyo pang'onopang'ono.

Penti yachikasu. Mabatani a mabelu. Mutu wa giya.

 Azimayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osayang'anana. Abambo aja anabweza chikuni mwakachetechete. Ba Ketty ananyamula mpando kuti aubwezere m'nyumba, koma anasowa poyambira n'kuusiya pakhomo.

"Ni va magemu," anatero ba Edwell, mawu ali pansi. "Ninamulonjeza Towela. Ninachita manyazi kuti banthu..."

"Manyazi," anatero ba Salome. Sanakweze mawu. "Kuchoka ku Mtendere mpaka pano, ine mwana wanga namusambika, namuvalika, namuika m'manda. Chifukwa imwe munachita manyazi."

Ba Edwell anatola hamala imene inali pawindo n'kuyang'ana bokosilo.

"Ikani pansi," anatero akazi awo. "Mukaphwanya ndiye kuti nalira pachabe. Nyamulani, tiyende kuchipatala."

Ba Edwell anatambasula dzanja kuti atenge chitenje, koma ba Salome anali atachimanga kale m'chiuno.

Tinadutsa njira yomwe ija. Ba Edwell patsogolo, bokosi lachikasu choimika pachifuwa, ine pambuyo ndi batire. Tinadutsa pampopi, tinadutsa pa owotcherera zitsulo. Palibe anaseka. Bola akanaseka, chifukwa anthu ankangotembenuka n'kuyamba kufunafuna chochita ndi manja awo.

Kuchipatala tinapeza Towela atakhala tsonga, Elesi akumusendera lalanje. Nesi anang'ung'udza za batire koma anatilola. Tinaimika makinawo pambali pa bedi, ndipo kandege kanatulukira.

"Ni yanga?" anafunsa mwanayo.

"Ni yako," anatero bambo ake.

Towela anatambasula dzanja, ndipo mabatani anawafikira ali chikhalire. Ana a m'mabedi ena anayamba kusuzumira. Towela ankaseka, kutsokomola, n'kusekanso, akuitana mayi ake kuti aone mmene akuwombera.

Ba Salome sanayang'ane pa tivi ngakhale kamodzi. Anakhala kumapeto kwa bedi atagwira phazi la mwanayo ndi manja onse awiri, ndipo mpaka nthawi yoona odwala inatha sanalisiye.