Mabotolo Atatu a M'bini ya Dona

Pa famu ya fodya ija, kufupi ndi Marondera, chilichonse chotayidwa ku nyumba yaikulu chinkafika ku komboni kudzera m'manja mwa Kalino, khukhi wa bwana. Nsapato zong'ambika, zitini za jamu, nyuzipepala zopichirira fodya. Tinkazinyadira zinyalalazo. Lero pamene panali komboni pamera tchire lokhalokha, ndipo chondiwawa n'chakuti malowo ndimawalakalakabe.

Mu 1962, boma la Chitaganya likupuma mobanika, dona, mkazi wa bwana, anataya mabotolo atatu a mapiritsi, awiri osatsegula n'komwe. Kalino ankawadziwa. Dokotala wa ku Salisbury anali atauza bwana kuti magazi ake achuluka mafuta, ndiye mapiritsiwo ankachepetsa mafutawo kuti mtima usadzaime. M'mawa uliwonse Kalino ankaika piritsi limodzi pambali pa mazira ndi nyama yankhumba.

Mabotolowo anawatola n'kupita nawo kwa Laxon, mwamuna wa mlongo wake Filesi. Laxon ndiye anali katswiri wosankha fodya pa famu yonse. Akangoponya diso pa tsamba ankadziwa mulu wake: lotuwa ngati ndimu uku, lofiirira ngati lalanje uko. Koma fumbi la m'shedi yosankhiramo fodya linali litamudya chifuwa, akayenda pang'ono wefuwefu.

“Alamu, mankhwala a mtima awa,” anatero Kalino. “A azungu enieni, osati aspirini wa kwa foromani.”

“Achimwene, mafuta ake ati?” anafunsa Filesi. “Munthu wa nyemba za resheni uyu, nthiti zili pamtunda. Mukufuna musungunule mafupa?”

“Iwe, mankhwala sasankha khungu.”

Laxon ankamwa awiri patsiku, poti chifuwa chake chinkavuta kuposa cha bwana.

Patapita miyezi inayi, Kalino anaona bwana akuthira tiyi pambali pa kapu. Tsitsi lake linali kutsalira pa kolala ya malaya. Masana ake khukhi analimba mtima n'kufunsa dona ngati mapiritsi aja anatayidwa chifukwa chokhalitsa.

“Ayi, dokotala analemba kalata kuti tisiye. Akuwononga maso a anthu. Ukufunsiranji?”

“Palibe, madamu.”

Kalino anasiya mbatata pamoto n'kuthamangira ku shedi. Anapeza Laxon atakweza tsamba pawindo, akulisuzumira pafupi ngati akuwerenga kalata ya kumudzi. Sabata imeneyo foromani anali atamubwezera mitolo iwiri yosakanikirana.

“Alamu, otsala aja ali kuti?”

“M'thumbamu. Chifuwa chikadali chomwecho, koma za azungu zimagwira mochedwa.”

“Mukuona bwanji?”

Laxon anatsitsa tsamba lija. “Kwachita nkhungu masiku ano.”

Kunja kunali dzuwa la Ogasiti, thambo lopanda kamtambo. Kalino analanda botololo, nakaliponya m'ng'anjo yowotchera fodya. Atabwerako anagwada pa simenti pamaso pa anthu onse.

“Maso anu ndawapha ndine, alamu.”

“Dzukani, madala, mudetsa yunifomu,” anatero Laxon. “Munandibweretsera zabwino zimene munali nazo.”

Mankhwala a mafuta a m'magazi a masiku ano ndi ena. Adokotala amayamba akuyeza magazi, nalemba dzina lako pa botolo, n'kukuuza tsiku lobwerera. Pa mabotolo ajanso panali dzina, la bwana, koma ife tinazolowera kuvala malaya a eni ake.

M'mawa mwake Filesi, amene ntchito yake inali yomanga mitolo, anasunthira benchi lake pafupi ndi mwamuna wake. Laxon ankapapasa tsamba kuti amve kukhuthala kwake, mkazi n'kunong'ona osatukula mutu.

“Ndimu.”

Tsamba kumanzere.

“Lalanje. Fulumiraniko, bambo, foromani uyo.”

Anthu makumi awiri a m'shedimo ankamva, palibe anaulula. Anamaliza nyengoyo chotero. Chaka chotsatira ng'ala itayera m'maso onse awiri, foromani anamusamutsira Laxon ku ng'anjo, kukasonkha moto, kumene munthu amadziwa kutentha ndi tsaya lake.