Chitsulo cha Mitu Iwiri

Makina opotera tiyi atapana dzanja lamanja la Filipo, mu 1934, malo ake m'fakitale anapatsidwa munthu wina bala lisanapole n'komwe. Kapitawo Blackson sanachite kuzungulira.

"Mvula ikagwa, tiyi akaphuka, uzidzathyola kumunda. Ukadzakanika kudzaza dengu, nyumba ndi munda wa pa esiteti tidzapatsa wina."

Nanga apite kuti munthu? Kwa Apwitikizi, kumene anathawa ndi mkazi wake Emma atabereka mwana kumsana, analumbira kuti sadzapondakonso.

Bala litapola, mkono unatsala wowonda, zala zitauma n'kupindikira mkati. Kuchipatala cha mishoni ku Makwasa, a Abrahamu, othandiza dokotala, anam'tsegulira bokosi lomwe mmishonale wina anasiya. Munali zibonga ziwiri zamtengo, zomwe akuti asilikali a ku India ankazunguza m'mawa kuti mapewa amasuke. Munali mpira wachitsulo wokhala ndi chogwirira; umenewo akuti kale unali wa amalonda, woyezera katundu pasikelo, kenaka anyamata amatama anayamba kupikisana pounyamula. Pansi penipeni panali chitsulo cha mitu iwiri, chogwira pakati, chakuda bii. Maso a Filipo anakakamira pomwepo.

Koma a Abrahamu anatulutsa chiyani? Timiyala titatu tomangirira kuluzi!

"Muzikoleka kamwala kamodzi kuchala, n'kutambasula, n'kubweza. Chala chilichonse pachokha, tsiku ndi tsiku. Zazikuluzi ziyambe zadikira."

"Bambo, ine ndine munthu wamkulu, wa ana atatu. Ndizikasewera ndi timiyala anthu akuona?"

Anachonderera, anadandaula, mpaka a Abrahamu anatopa naye n'kum'bwereka chitsulo chija, atam'lonjezetsa kuti ayamba ndi zala. Lonjezo lake liti! Timiyala anatiponya pathengo asanafike n'komwe pamsewu.

Tsono musam'namizire ulesi Filipo, ayi ndithu. Tambala akangolira iye ali kale kuseri kwa nyumba, mano ali gwa, thukuta lili kamukamu. Poyamba chitsulo chinkam'pulumuka, ndipo tsiku lina chinatsala pang'ono kuthyola chala cha kuphazi. Mwezi utatha chinayamba kum'pepukira, ndiye anapanga zake. Anadula nsungwi yaikulu n'kuthiramo mchenga wonyowa. Imeneyo itapepukanso, anamangirira miyala iwiri ya mumtsinje kumpini wa khasu, wina uku wina uku. Mkono unatupa, mitsempha n'kuonekera ngati mizu ya chinangwa, ndipo anzake pobwera kuntchito ankaima kum'penyerera.

Emma yekha ndiye sankasangalala.

"Inu, dzulo lija mwakanika kumanga batani la malaya."

"Iwe, batani ndi tiyi?"

"Ine tiyi ndathyolapo zaka zisanu. Safuna nkhonya."

Zinam'pweteka mawu amenewo, moti anatuluka n'kukanyamula miyala yake mpaka phewa kuchita dzanzi. Akazi amadziwa chiyani za mphamvu?

Mvula inagwa, minda inabiriwira, tsiku linafika. Filipo anapita ndi chitsulo chake chomwe, n'kuchikweza kumwamba kakhumi kawiri pamaso pa gulu lonse, ndi dzanja lomwe lija anthu ankati latha ntchito. Amayi ena mpaka nthungululu.

"Mphamvu taziona," anatero kapitawo. "Lowa mumzere. Masamba awiri ndi kansonga, basi."

Anatambasula dzanja pa kansonga koyamba. Chala chachikulu ndi chamkombaphala sizinafune kukumana. Atakakamiza, zala zonse zinatsekeka pamodzi monga zinazolowerera pachitsulo, n'kukhadzula nthambi yonse ndi masamba okhwima omwe. Anayesanso mofatsa. Chimodzimodzi! Masamba ankatuluka m'dzanjamo atafinyika, madzi obiriwira akuyenderera m'mkono. Anatukwana dzanjalo m'Chilomwe, analimenyetsa pantchafu, koma silinamve. Lamanzere linkathyola bwinobwino, komatu dzanja limodzi silidzaza dengu. Tinkhalamba tomwe iye akanatha kunyamula ndi mkono umodzi tinam'pitirira tikuyimba, n'kukafika kumapeto kwa mzere iye adakali pakati.

Dzuwa lili paliwombo kapitawo anabwera, anapisa dzanja m'dengu losafika n'theka lomwe, n'kuvuula masamba atayamba kale kufiira.

"Uku si kuthyola, n'kupha tiyi. Pofika Loweruka nyumba ija ikhale yopanda munthu."

Filipo anafuna wina woti amukwiyire, makina kapena kapitawo kapena mzungu, koma mkwiyo wonse unkangobwerera kwa iye mwini. Manyazi anam'gwira moti anadzera njira yam'munsi kuti asakumane ndi anthu.

Emma atam'ona akubwera nthawi imeneyo anadziwiratu zomwe zachitika. Anayamba kusonkhanitsa miphika, misozi ikugwera momwemo.

"Zulani chitseko," anatero osam'yang'ana. "Munapala nokha, sitingasiyire munthu."

Chinali chitseko cha mlombwa, chomwe pochiika anachita kugwirizana amuna awiri. Filipo anachizula yekha n'kuchikweza pamutu ndi dzanja limodzi, lamanja lija, osapuma n'komwe. Atachisenza anaima pabwalo, n'kufunsa Emma kuti alowere njira iti.