Kawindo Kopanda Khoma

Bambo anga ankakonza mawailesi, ndipo makani awo anali ngati a wailesi yakale, yoti ukaimenya m'pamene imakweza mawu. Atadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lamanzere zinafooka, koma makaniwo anatuluka m'chipatala ali bwinobwino.

Vuto linali nyumba. Anaimanga ali mnyamata, nthawi imene munthu saganiza zoti adzakalamba. Kuchoka pabalaza kupita kubafa umadutsa m'kanjira kopanikiza m'mbali mwa khitchini, kenako n'kukhota. Njinga ya olumala, imene eni ake ankaitcha chikuku, inkakakamira pokhota pomwepo. Pankafunika anthu awiri owanyamula, ndipo bambo ankachita manyazi mpaka anayamba kukana madzi akumwa kuti asamavutitse anthu. Zimenezo zinkandipweteka kuposa matendawo.

Achimwene anga sadziwa kuzungulira nkhani. Anaima pakati pa balaza, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Adadi, njira ndi ziwiri basi. Tigumule khoma ili la pakati pa khitchini ndi balaza kuti chikuku chizidutsa, apo ayi mwezi ukatha ndikubwera kudzakutengani, muzikakhala kwathu."

"M'nyumba muno ndidzatuluka nditagona chagada," anatero bambo. "Ndipo khomalo musalikhudze."

"Ndiye tipange bwanji?"

"Inu ophunziranu ganizani."

Khomalo silinkanyamula denga, ndipo linalibe kukongola kulikonse. Koma pakati pake panali kawindo kamatabwa kopatsirana zinthu, kokhala ndi kachitseko kotsetsereka. Kawindoko kanali ka amayi. Tiyi, mbale, mankhwala a chifuwa, nkhani za anansi, zonse zinkadutsa pamenepo. Amayi ankatsamira zigongono pathabwa la pansi n'kumalankhula uku poto akuwira, bambo ali patebulo lawo ndi mawaya. Ife tili ana tinkasewera sitolo pamenepo, ine wogulitsa, achimwene wogula wovuta. Kachitsekoko kankalira kuti kwiii, ndipo ukamva kulirako unkadziwa kuti kukubwera chakudya kapena mlandu. Amayi atamwalira, bambo analetsa kukatseka.

Ine ntchito yanga ndi yomanga nyumba pakompyuta zisanamangidwe pansi. Sitijambula mizere chabe ngati kale. Timaimika khoma, ndipo khomalo limadziwa kuti ndi khoma, la njerwa zotani, lokhuthala bwanji. Choncho ndinadziuza kuti bambo akukana chifukwa sakuona. Ndinayeza nyumba yonse, n'kuimanga palaputopu, ndipo Loweruka masana ndinaiika pamiyendo pawo monyadira.

"Iyi ndi nyumba yanga!" anatero, akuyandikitsa nkhope. "Ndi kawindo komwe! Pensulo, ndiwe mfiti iwe."

Pensulo ndine. Ndili mwana ndinali woonda komanso wosasiya kujambula.

"Tsopano taonani mmene pangatakasukire," ndinatero. Ndinasankha khoma lija n'kulichotsa.

Khoma linapita, kawindo nako kanati zii.

Ndinkazidziwa zimenezo, kungoti sindinaziganizire. Mu pulogalamu imene timagwiritsa ntchito, zitseko, mawindo ndi nyale zapakhoma sizikhala pazokha. Zimakhala pamsana pa khoma, ndipo kuofesi kwathu timazitcha zoberekedwa. Ukasuntha khoma zimasuntha nalo, ukalichotsa zimapita nalo osatsanzika. Tsiku lililonse ndimachotsa makoma otero osamva kanthu.

"Bwezera," anatero bambo.

Ndinabwezera. Khoma linabwerera, kawindo kali pamsana.

"Chotsanso."

Ndinachotsanso. Anayang'ana malo opanda kanthuwo nthawi yaitali, kenako anakankha laputopu ndi dzanja lawo labwino.

"Waona? Ngakhale makina akowa akudziwa. Khoma likapita, mayi ako apita nalo."

Achimwene anandiyang'ana ndi diso loti wathira mchere pabala. Potuluka anandiuza kuti akayamba kukonza chipinda cha bambo kwawo. Ndinatembenuka n'kuyamba kulongedza laputopu, chifukwa ine kulira pamaso pa achimwene ndimadana nako.

Lolemba ndinafika kuofesi nkhope ili gwa. Woyandikana nane desiki ndi bambo wina wachikulire amene tonse timamutcha a Sevakaye, chifukwa ngakhale uwauze kuti nyumba ikupsa, yankho lawo loyamba ndi lakuti seva kaye, kutanthauza kuti sunga kaye ntchito yako pakompyuta. Ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye mukufuna kumutsitsa mwana kumsana?" anafunsa.

"Eya. Batani lake lili pati?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Batani? Achemwali, likanakhalapo bwenzi ine ndili ndi tsitsi. Chinthu chikabadwa choberekedwa, pulogalamuyi siilola kuti mungochiuza kuti tsika. Mumatsekula tsamba latsopano, lija losafunsa khoma, n'kumasamutsira ziwalo zake kumeneko chimodzichimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma sevani kaye."

Ndinagwira ntchitoyo pa nthawi yopuma masana, anzanga akudya. Felemu ya kawindo inasamuka bwinobwino. Thabwa la pansi linasamuka, kachitseko kotsetsereka nakonso. Koma bowo linakana. Ndinayesa uku ndi uku, osatheka.

"Bowolo lisiyeni," anatero a Sevakaye osacheuka n'komwe. "Bowo ndi la khoma. Popanda khoma mukuboola chiyani?"

Kenako miyeso yonse inamasuka. Poyamba m'lifupi mwa felemu munkatsatira kukhuthala kwa khoma, tsopano panalibe chotsatira. Ndikakoka mbali imodzi, thabwa linkatsala m'mbuyo ngati mwana wonyanyala. Ndinayenera kumanganso mfundo iliyonse, kuuza thabwa lililonse kuti mnzako ndi uyu, ukasuntha usunthe naye. Apa ndinazindikira kuti kawindo kanga koyamba kanali kabodza, kongotola m'nkhokwe ya mawindo a ena. Ndinabwerera kunyumba ndi tepi kukayeza kenikeni. Mbali yakumanja inali yopendekeka pang'ono. Pathabwa panali bwalo lakuda pamene amayi ankaika ketulo, ndi malo awiri osalala, olowa pansi pang'ono, pamene pankakhala zigongono. Zimenezo pulogalamu sinandifunse, koma ndinazijambula.

Nditakalowetsa m'nyumba ya pakompyuta ija, kawindo kanagwera pansi n'kukhala pasimenti. Msinkhu wake unali wa khoma, ndiye ndinayenera kukapatsa wakewake. Nditatero kanakwera n'kuima m'malere pakati pa khitchini ndi balaza. Ndinaimika khoma, ndinalichotsa, ndinaliimikanso, ndinalichotsanso, iko kali pomwepo. Ndinakuwa mpaka abwana anasuzumira.

"Pakompyuta kayandama," anatero a Sevakaye, "koma kwanuko zinthu zimagwa. Kapatseni pokhala."

Ndinakajambulira kabati yaifupi pansi pake, yosiya njira yotakasuka mbali zonse ziwiri.

Loweruka lotsatira ndinapeza achimwene atabweretsa kale makatoni opakiramo katundu. Bambo anali atavala jekete ngati munthu wodikira basi. Ndinaika laputopu pamiyendo pawo.

"Zija zanyansi zija?" anafunsa bambo.

"Ingoonani kamodzi, adadi. Chotsani nokha khomalo. Dinani apa."

Anadina. Khoma linapita. Kawindo kanatsala, kachitseko kake kali kotsekula.

Bambo anaseka, kuseka kwawo koyamba chichokereni kuchipatala, kokhota mbali imodzi.

"Windo lopanda khoma! Pensulo, sukuluyi inakuwononga. Ndiye munthu angolizungulira?"

"Eya, akhoza kulizungulira."

"Nanga lidzakhala la ntchito yanji?"

"Panopa ndi la ntchito yanji, adadi?"

Ndinadziluma lilime nditayankha choncho, chifukwa si mmene tinaleredwera. Achimwene anayang'ana kudenga. Koma bambo sanakalipe. Anayandikitsa nkhope, n'kuloza kabwalo kakuda kamene ndinajambula pathabwa.

"Ichi n'cha ketulo?"

"Eya."

"Thabwa likhala lomweli? Osati lina lofanana nalo?"

"Lomweli."

"Msinkhu womwewo?"

"Womwewo."

Anavula jekete pang'onopang'ono, ndi dzanja limodzi, osalola kuti tiwathandize. "Kalipentala ayambe ndiye, hamala ibwere pambuyo. Ndipo ine ndikhala pompano ndikuonerera. Iwe, makatoni akowo bwerera nawo, akundipatsa chimfine."

Tsiku logumula, bambo anakhaladi pabalaza atavala kansalu kumphuno, akulamula ngati kapitawo. Kalipentala anakanganula felemu mosamala, msomali umodziumodzi, bambo akumuuza kuti misomali imeneyo anakhoma okha iye asanabadwe. Atakatulutsa, pakhoma panatsala bowo lokhalokha, ndipo ndinadabwa kuti sindinalimvere chisoni. Hamala itayamba, fumbi linadzaza nyumba, n'kutulukira penti wakale wobiriwira amene ndinali nditamuiwala, wa masiku amene ndinkafika pakawindo poimirira pandowa.

Ntchito itatha, kabati inaima pamalo pake, kawindo kali pamwamba. Chinali chinthu chodabwitsa kuchiona, sindinama. Mlendo akanafunsa ngati m'nyumbamo anthu ake ndi olongosoka. Koma chikuku chinadutsa mpaka kubafa popanda wonyamula, ndipo pobwerera bambo anapempha madzi kapu yodzaza. Achimwene anapita kukaimba foni kwawo kuti chipinda chija achibwezere ana.

Ine ndinali kusesa fumbi lotsala pamene ndinaona bambo akudzikankha ndi phazi lawo labwino. Sanalowere kutebulo lawo. Anazungulira kabati ija n'kukaima mbali ya kukhitchini. Moyo wanga wonse sindinawaonepo m'khitchini kupitirira pakhomo. Ankati muli utsi, amayi n'kumati muli ntchito. Anaika chigongono pamalo posalala paja, n'kusuzumira pakawindo.

"Pensulo, takhala pampando wangawo."

Ndinatsamiritsa tsache n'kukakhala patebulo la mawailesi. Tebulolo linayang'ana kuwindo lakumsewu, kumene kumachokera kuwala. Pamaso panga panali mawaya, timabotolo ta masikuluwu ndi wailesi yosatsekedwa kumbuyo.

"Adadi, ndakhala," ndinatero.

Nditacheuka ndinawaona m'kati mwa felemu, misozi ikutsika tsaya limodzi.

"Usacheuke. Khala mmene ndinkakhalira ine."

Ndinatembenukanso. Kumbuyo kwanga kachitseko kanalira pang'ono, atakagunda ndi dzanja.

"Zaka zonse zija," anatero bambo, "mayi ako ankalankhula ndi nkhongo yanga. Ine n'kumangoti eya, eya, maso ali pamawaya."

"Ankadziwa kuti mukumva, adadi."

"Usandinamize, ndinakubala ndine."

Ndinawamva akupukuta mphuno.

"Itana mchimwene wako," anatero. "Mutembenuze tebulolo liyang'ane kuno."

"Kuwala kuzikhala kumbuyo kwanu. Simuziona bwino mawaya."

"Mawaya ndawaona mokwanira."