Laini ya ku Joni

Lumbani, mphunzitsi wa ku Lirangwe, analemba yekha kaseva, kapulogalamu koyendetsa tsamba la pa intaneti, pa laputopu yakale, kuti anzake a kwaya azitengapo nyimbo ndi zithunzi, ndi kusiyapo mauthenga. Koma kasevako ulemu kanachita kunyanya. Mlendo akalowa, kankamupatsa chimene wapempha, n'kusiya laini yotsegula, poti mwina apemphanso china. Tsoka lake, kankalandira mlendo mmodzi basi. Ena onse ankaima panja kudikira kuti woyambayo atsanzike.

Tsiku lina m'mawa panalowa foni ya ku Joni. Inapempha chithunzi chimodzi chokha, cha ubatizo wa mwana wake Leah. Lumbani anangoti kukamwa yasa. Ndani winanso kumeneko angafune chithunzi chimenecho, kupatula Diana, mkazi wake, amene anakwera ndege pa Chileka chaka chatha n'kusiya kuyankha foni?

Laini ija inakhala yotsegula, koma zii. Lumbani sanaikhudze. Munthuyu anamusowa mkazi wake, kumusowa kwenikweni. Akangotuluka m'kalasi, liwiro kukaona ngati ikadalipo. Akaipeza, mtima unkakhala pansi, ngati kuti Diana wakhala chete m'chipinda chinacho.

A kwaya anayamba kudandaula kuti tsamba silikutseguka. Loweruka, mlongo wake Molly, wa zamakompyuta ku bwalo la ndege, anabwera pa kabaza.

"Achimwene, mukutani kodi? Laini iyi inafa kalekale. Netiweki ikaduka, foni sitsanzika ayi. Ikani malire, laini ikangokhala chete pang'ono, seva iziitseka yokha."

"Nanga mayi a Leah akafuna kunenapo kanthu?"

"Adzalowanso! Inu mwagwirira khomo, anthu akupsa ndi dzuwa panja."

Lumbani anayang'ana kumbali. Dzanja lake linakana kuidula. Molly ndiye anaidula lainiyo, osafunsanso.

Pomwepo odikira aja anayamba kulowa mmodzimmodzi, mayina a mafoni awo akutsika pa sikirini. Wa kwaya. Wa kwaya winanso. Kenako foni ya ku Joni. Pansi pake, ya ku Joni yomweyo. Pansi pakenso, yomweyo. Siinkafunanso chithunzi, inkapempha tsamba lolembapo uthenga.

Kaseva kanayankha mwachangu, koma uko kunalibenso munthu. Mapempho onsewo anali a masiku apitawo, mwini wake anali atatopa n'kudikira. Molly anagwira pakamwa.

"Mayo ine," anatero Lumbani chapansipansi. "Mayi a Leah anabwerera. Amagogoda, ine nditatseka khomo kudikira iwo omwewo."